Chilolezo Choperekeratu: Tiphunzitsane Bwanji?

NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO

WOULUTSA: Kaya muli kudimba wailesi mwaikoleka pamtengo, kaya muli m'minibasi, kaya mwakhala pakhonde mukuchonga makope a ana, khalani nafe. Lero ndili ndi mayi amene aphunzitsa ku pulaimale zaka zambiri, ndipo masiku ano amathandiza aphunzitsi anzawo kukonza zipangizo zophunzitsira.



Ndiyambe ndi zinthu ziwiri zimene ambiri tazionapo. Mphunzitsi wa Sitandade 8 wachezera usiku kulemba manotsi a sayansi, wawapatsa ana ake. Patapita miyezi iwiri akuwapeza manotsi omwe aja akugulitsidwa pamalo ochitira fotokope kumsika, dzina lake lafufutidwa, pamwamba pali dzina la munthu wina. Mnzake wa sukulu yoyandikana nayo ali ndi vuto lina. Wapeza kabuku kokoma ka nthano ka Chingerezi, akufuna kukamasulira m'Chichewa kuti ana a Sitandade 2 awerenge, koma mtima ukumuuza kuti apalamula. Lamulo likuti chiyani pa anthu awiriwa?

MLENDO: Woyambayo lamulo lili kumbali yake. Chinthu chikangochoka m'mutu mwanu n'kukhala papepala, pachithunzi kapena pa nyimbo yojambulidwa, ndi chanu, ndipo simufunika kukachilembetsa kwina kulikonse kuti chikhale chanu. Kuno ku Malawi lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso ndi la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989. Bungwe la COSOMA, limene oimba amalidziwa bwino chifukwa ndi limene limawatolerera ndalama za nyimbo zawo, linakhazikitsidwa mu 1992. Umwiniwo umakhala moyo wonse wa wolembayo, n'kupitirira zaka 50 iye atamwalira. Ndiye amene anafufuta dzina uja walakwa, palibe kuzungulira.

Wachiwiriyo mantha ake ndi omveka. Lamulo limalola mphunzitsi kugwiritsa ntchito kachigawo ka buku pophunzitsa, koma kumasulira buku lonse n'kuligawa m'masukulu kumafuna chilolezo cha mwini wake. Tsono mwiniyo ali kuti? Mwina ali ku London, mwina kampani yosindikiza inatsekedwa kalekale. Mulemba kalata, yankho osabwera, chaka n'kutha, ana aja n'kupita Sitandade 3 osawerenga kabuku kaja. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zina wolembayo akanakondwa kumva kuti ana a ku Dedza akuwerenga nthano yake m'chinenero chawo. Panangosowa njira yoti anene zimenezo nthawi isanathe.

WOULUTSA: Ndipo njirayo ilipo tsopano?

MLENDO: Ilipo. Tiyerekeze ndi mtondo. M'mudzi si nyumba iliyonse ili ndi mtondo. Pali mayi wina amene mtondo wake uli m'nyumba, ndipo aliyense woufuna ayenera kuodira, kupereka moni, kupempha. Akakhala kuti wapita kumaliro, simusinja tsiku limenelo. Pali mayi winanso amene anauza mudzi wonse kamodzi kokha kuti mtondo uli pakhondepo, woufuna azingotenga, bola aziutsuka ndipo asamaubwereketse kwa anthu pa ndalama. Mtondowo ukadali wake. Sanautaye. Anangoperekeratu chilolezo pamodzi ndi malamulo ake. Chimene akuti laisensi yotseguka n'chimenecho, ndipo ine ndimakonda kuchitchula kuti chilolezo choperekeratu. Kusiyana kwake n'kwakuti mtondo ukapita kwa mnzanu inu mulibe posinjira, pamene nthano ikakoperedwa kakhumi yanu ija ikadali m'manja mwanu.

Zilolezo zodziwika kwambiri ndi za bungwe la Creative Commons, lomwe linayamba ku America mu 2001. Mmodzi wa oliyambitsa ndi pulofesa wa zamalamulo, Lawrence Lessig, ndipo zilolezo zoyamba zinatuluka mu Disembala 2002. Malamulo ake ndi anayi, ndipo amalembedwa ndi zilembo ziwiriziwiri. BY akutanthauza kuti mutchule mwini wake. SA akuti mukasintha chinthucho, chatsopanocho muchigawe pa chilolezo chomwecho, ndipo umu ndi mmene Wikipedia imayendera. NC akuti musachite nacho malonda. ND akuti koperani mmene chilili, koma musagawe chosinthidwa. Anayiwa akaphatikizidwa amabala zilolezo zisanu ndi chimodzi, ndipo zonsezo zili ndi BY. Palibe ngakhale chimodzi chimene chimalola kufufuta dzina la mwini.

WOULUTSA: Mayi, mwazifotokoza m'mphindi ziwiri zokha ndipo ndamva. Nanga vuto la kuphunzitsa zimenezi lili pati?

MLENDO: Mwamva, achimwene, koma kumva si kuchita. Ineyo ndinaziona ndi maso. Tsiku lina ndinaitanidwa kukaphunzitsa aphunzitsi nkhani yomweyi pamalo ena pamene aphunzitsi a zoni amakumanirana. Ndinakonzekera bwino, zilembo zonse ndinazilemba pabolodi, ndinafotokoza chimodzichimodzi. Anthu analemba m'makope mwawo, ndipo nditawafunsa mafunso anayankha molondola. Tili pafupi kutseka, bambo wina wachikulire anakweza dzanja. Anati, aphunzitsi, ndili ndi nyimbo zophunzitsira kuwerengera zimene ndinapeka ndekha, ana amazikonda, ndipo ndaziimbitsa zaka zambiri. Mukundiuza kuti ndizipereke ulere kuti wina akalemerere pa thukuta langa? Chipinda chonse chinavomereza. Pamenepo ndinazindikira kuti tsiku lonse ndakhala ndikuyankha funso limene palibe anandifunsa, ndipo funso limene linali m'mitima mwawo sindinalikhudze n'komwe.

Mawu akuti ulere ndi amene amatisokoneza. Pachichewa chinthu chaulere chimamveka ngati chopanda mwini, chotola panjira, chosafunika kuchisamala. Munthu amene wavutikira ntchito yake akamva mawu amenewo amatseka makutu, ndipo sindimuda. Ndikanakhala pansi ndi aphunzitsi awiri kapena atatu tsiku la maphunzirolo lisanafike, n'kuwafunsa chimene chimawadetsa nkhawa, akanandiuza zimenezi, ndipo phunziro lonse likanayambira pa nyimbo za bambo aja, osati pa zilembo zanga za pabolodi. Kuyambira tsiku limenelo sindikonzanso phunziroli ndekha.

WOULUTSA: Kodi kukonzera limodzi phunziro kotereku ndi nzeru yanu, kapena ena anayambapo kale?

MLENDO: Ena anayamba kale. Mu 2012 anthu a Creative Commons anagwirizana ndi gulu lina lotchedwa P2PU, limene mfundo yake inali yakuti anthu aziphunzitsana okhaokha pa intaneti, ndipo anayamba kukonza chimene anachitcha School of Open. Chinatsegulidwa mu Malichi 2013. Chimene chimandikopa pa ntchito imeneyi ndi kapangidwe kake. Sanalembe katswiri mmodzi kuti alembe silabasi. Anaitana anthu odzipereka, aphunzitsi, oyang'anira malaibulale, odziwa malamulo, olemba Wikipedia, ndipo ankakumana m'misonkhano yogwirira ntchito, monga ku Berlin ndi ku London, n'kugawana m'timagulu. Kagulu kalikonse kankayamba ndi kufunsa kuti munthu amene tikufuna kumuthandizayu ndani, ndipo akufuna kuchita chiyani. Wina akalemba phunziro, anzake ankaliyesa n'kumuuza pamene asokonezeka. Motero kunatuluka maphunziro aafupi okhudza zinthu zenizeni, monga mmene mphunzitsi angapezere chithunzi chololedwa, kapena mmene munthu angalembere nkhani pa Wikipedia. Maphunzirowo nawonso anali pa chilolezo chotseguka, kotero kuti achinyamata ena ku Kenya anatenga nzeruyo n'kukaphunzitsa ana pasukulu ina ya sekondale ya atsikana ku Nairobi, mwanjira yawoyawo. Pambuyo pake, mu 2018, bungwe la Creative Commons linayambitsa maphunziro a satifiketi a aphunzitsi ndi a zamalaibulale, ndipo zolembedwa zake aliyense angathe kuzitenga n'kuzikonza kuti zigwirizane ndi kwawo.

Koma chitsanzo chimene chili pamtima panga ndi cha ku South Africa. Kuli gulu lotchedwa Book Dash, lomwe linayamba ku Cape Town mu 2014. Amasonkhanitsa anthu odzipereka m'chipinda chimodzi, kagulu kalikonse kokhala ndi wolemba, wojambula zithunzi ndi wokonza maonekedwe a buku, ndipo m'maola 12 kagulu kalikonse kamatulutsa buku la ana lathunthu. Mabuku onsewo amatuluka pa chilolezo cha Creative Commons chokhala ndi BY yokha, chimene chimalembedwa kuti CC BY. Loto lawo ndi lakuti mwana aliyense akhale ndi mabuku akeake 100 pofika zaka zisanu. Tsono taonani, wojambula amene wagwira ntchito tsiku limenelo safunanso munthu womufotokozera tanthauzo la CC BY. Adzaona yekha buku lake litamasuliridwa m'zinenero zimene sazidziwa n'komwe, dzina lake lili pomwepo pachikuto. Waphunzira chilolezocho ndi manja ake.

WOULUTSA: Nanga kuno kwathu zinachitikapo?

MLENDO: Zinachitikapo, ndipo anthu ambiri sadziwa. Zaka zoposa khumi zapitazo aphunzitsi a ku Bunda, imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, anali ndi vuto la kusowa kwa buku la phunziro la luso la kulankhula ndi kulemba la ophunzira a chaka choyamba. Mothandizana ndi a bungwe la OER Africa anasonkhanitsa zolembedwa za chilolezo chotseguka za m'mayiko ena, anazisefa, anazisintha, n'kupanga buku lawolawo. A ku Kamuzu College of Nursing nawonso anachita zofanana pa maphunziro a uzamba. Ndiponso pali tsamba la pa intaneti la African Storybook, la bungwe la Saide la ku Johannesburg, limene linatsegulidwa mu 2014. Mmenemo muli nthano za ana m'zinenero zambiri za mu Africa, Chichewa chili momwemo, ndipo mphunzitsi wathu wa Sitandade 2 uja angathe kusankha nthano, kuimasulira, n'kuisindikiza popanda kulembera kalata wina aliyense.

KANYIMBO KAKAFUPI

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za chilolezo choperekeratu, ndi mmene anthu angakonzere limodzi njira zochiphunzitsira. Mayi, tiyerekeze kuti a PEA, alangizi a sukulu za pulaimale m'zoni, akupatsani Loweruka limodzi ku TDC, malo amene aphunzitsi a zoni amakumanirana, kuti mukonze phunziro loti lizungulire zoni yonse. Mungayambire pati?

MLENDO: Ndingayambire pa anthu oitanidwa. Aphunzitsi okhaokha sakwanira. Ndingafune pakhale woimba wa m'deralo amene nyimbo zake zimakoperedwa m'mafulashi ndi m'mamemore khadi kumsika, pakhale mnyamata wa fotokope uja, pakhale agogo odziwa nthano, pakhale wa komiti ya sukulu, ndi ophunzira awiri a sekondale odziwa kugwira foni. Wa fotokope anthu amadabwa ndikamutchula, koma iyeyo ndiye amadziwa mapepala amene akuyenda m'deralo, ndipo tikamusiya kunja tidzakhala tikumunena ngati wakuba m'malo momusandutsa wogawa mabuku ololedwa.

Aliyense abwere ndi chinthu chimodzi chimene anapanga yekha. Manotsi, nyimbo, chithunzi, tchati cha pakhoma, ndakatulo. Tiziike pamphasa pakati. Ndiye tisanatchule chilembo chilichonse, mwini wake aliyense anene chimene angakonde kuti ena achite ndi chinthu chakecho, ndi chimene chingamupweteke mtima. Mudzamva wina akuti, akopere mmene angafunire, koma dzina langa lisachoke. Wina adzati, asagulitse. Wina adzati, nyimbo yanga ya Mulungu asaisandutse ya kumowa. Wina adzati, akaikonza bwino andibwezereko ndione. Zonsezi tizilembe pabolodi m'mawu awo omwewo. Pokhapokha atamaliza m'pamene ndingatulutse zilembo zija n'kunena kuti, zimene mwanenazi anzathu ena anaziganiziranso, ndipo anazipatsa zizindikiro izi. Pamenepo munthu saona chinthu chachilendo. Amaona maganizo ake omwe atavekedwa chizindikiro. Ndipo pamene zizindikirozo sizikukwanira zofuna zake tiyenera kumuuza zoona. Mwachitsanzo, palibe chilolezo chimene chimakakamiza wosinthayo kukubwezerani kope, ngakhale kuti SA imatsimikiza kuti mukalipeza muli ndi ufulu woligwiritsa ntchito.

WOULUTSA: Apa ndiye kuti ophunzitsidwa aja asanduka okonza phunziro.

MLENDO: Eya, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi ya mawu. Chichewa sichinakhazikitse mawu a zinthu zimenezi, ndipo ine sindikufuna kuti mawuwo achokere mu ofesi. Kagulu kena kadzati BY tizimuti tchulani mwini. Kena kadzati ayi, tiziti lemekezani mwini, poti kwathu kutchula dzina la munthu pa ntchito yake ndi ulemu. Mkangano umenewo ndi wokoma, musauthamangitse, chifukwa pokangana za mawu m'pamene anthu amamvetsa chinthucho mpaka pansi. Mawu amene apambana ndi amene mwana wa Fomu 1 angawamve popanda kumasuliridwa.

Akamaliza, timagulu tikonze timasewera kapena timafunso. Kamodzi kamene ndimakakonda ndi ka makhadi. Pa khadi lililonse palembedwe nkhani yaifupi. Mwachitsanzo, sukulu yapulaiveti yolipiritsa fizi ikufuna kusindikiza kabuku ka CC BY-NC n'kugulitsa kwa makolo. Kapena, kwaya ya mpingo ikufuna kumasulira m'Chitumbuka nyimbo ya CC BY-ND n'kuijambula. Anthu aime mbali ya zololedwa kapena mbali ya zosaloledwa, ndipo aliyense anene chifukwa chake. Khadi lachiwirili ndi lofunika kwambiri kwa ife. Kumasulira kumawerengedwa ngati kusintha. Buku likakhala ndi ND, simungagawe kumasulira kwake popanda kupempha. Kwa munthu wa ku America amene owerenga ake onse amamva Chingerezi, ND ndi nkhani yaing'ono. Kwa ife amene ana athu amayamba kuwerenga m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chilomwe, m'Chisena, ND ndi chitseko chokhoma. Phunziro lokonzedwa kunja silingaime nthawi yaitali pamenepa, koma lathu liyenera kuima.

Masana ake phunzirolo liyesedwe pa anthu amene sanali nawo m'mawa. Itanani aphunzitsi atatu a sukulu yapafupi, kagulu kawaphunzitse, enafe tikhale chete tizingoona. Pamene nkhope zawo zachita makwinya, pamenepo ndiye pofunika kukonza. Kenaka phunzirolo lilembedwe bwino, mayina a onse amene alikonza alembedwe pansi pake, ndipo gululo lisankhe lokha chilolezo choliika. Kusankha kumeneko ndiye mayeso enieni a tsikulo.

WOULUTSA: Ndibwerere kwa woimba uja, mayi, chifukwa ndikudziwa kuti oimba ambiri akumvera. Iwo akulira kale kuti nyimbo zawo zikubedwa, ndalama sakuziona. Inu mukubwera ndi uthenga woti atsegule zitseko. Sakuthamangitsani?

MLENDO: Akandithamangitsa ndiye kuti ndalankhula molakwa. Ine sindipita kwa woimba kukamuuza kuti atsegule. Nyimbo ndi munda wake, ana ake amadya momwemo. Chimene phunziro labwino liyenera kuchita ndi kumuonetsa njira zonse, iye n'kusankha maso ali poyera. Mwina chimbale chake chonse achisunga mmene chilili, koma kanyimbo kamodzi kophunzitsa ana kusamba m'manja akaika pa chilolezo chotseguka kuti sukulu ndi zipatala zikagwiritse ntchito momasuka. Mwina sasankha chilichonse, ndipo ameneyonso waphunzira. Ngati ndi membala wa COSOMA, ayambe wafunsa kumeneko zimene anasainira asanaike chilolezo china pa nyimbo zake, chifukwa sungapereke kawiri chinthu chimodzi.

Pali mfundo ina imene sindilola kuti ibisike, ngakhale imachepetsa chidwi cha anthu ena. Chilolezo cha Creative Commons sichibwezedwa. Mukaika kabuku kanu pa CC BY lero, mawa mungathe kusiya kukagawa, koma amene anakatenga kale ali ndi ufulu wopitiriza kukagwiritsa ntchito ndi kukagawa. Munthu azidziwa zimenezi asanalembe zilembozo. Wophunzitsa amene amabisa mfundo imeneyi kuti anthu ambiri avomere akuwononga ntchito yonse, chifukwa mmodzi akadzamva kuti ananyengedwa, mudzi wonse sudzakhulupiriranso.

Maganizo anga pa mabuku a ana sindiwabisa. Ndimakonda CC BY. Anthu ambiri amathamangira NC poopa kudyeredwa masuku pamutu, ndipo ndimawamvetsa. Koma taganizani, kumudzi kwathu kulibe amene angasindikize buku popanda kulipidwa. Pepala ndi ndalama, inki ndi ndalama. Mnyamata wa fotokope akaloledwa kusindikiza timabuku ta nthano n'kugulitsa motchipa pa tsiku la msika, nthanozo zifika m'nyumba zimene bungwe lililonse silidzafikamo. NC imamutsekera mnyamata ameneyo. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pa mabuku a ana ndaona kuti n'zoona: nthano imene munaipereka mumakaipeza kutsogolo itavala zithunzi zatsopano, dzina lanu lili pompo. Komabe amenewa ndi maganizo anga, ndipo m'chipinda chokonzera phunziro ndimawanena komalizira, anthu atanena kale awo.

WOULUTSA: Mwatchula agogo odziwa nthano. Nthano zathu n'zotseguka kale, si choncho? Aliyense amati padangokhala, ena n'kuyankha kuti tili tonse, ndipo palibe amapempha chilolezo.

MLENDO: Apa tiyende pang'onopang'ono, achimwene. N'zoona kuti kugawana sitinakuphunzire kwa azungu. Nthano ya Kalulu imasintha pakamwa paliponse, mbewu ya maungu timapemphana, nyimbo ya pamtondo palibe amailipira. Koma makolo athu omwewo anali ndi zinthu zosagawidwa. Za kudambwe sizikambidwa pabwalo. Malangizo a kuchinamwali ali ndi eni ake ndi nthawi yake. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, koma zimenezo sizitanthauza kuti mnyamata aliyense wa foni angajambule chilichonse n'kuchiika pa intaneti ndi chizindikiro cha CC BY. Chilolezo chimaperekedwa ndi mwini chinthu, ndipo mnyamatayo si mwini mwambo. Lamulo lathu la umwini lilinso ndi gawo lapadera la zachikhalidwe za makolo, limene limaika umwini wake m'manja mwa boma m'malo mwa anthu a dziko lino. Choncho wofuna kuchita malonda ndi zoterezi asangoganiza kuti n'zotola.

N'chifukwa chake ndimafuna agogo ndi amfumu akhalepo pokonza phunziro. Iwo ndi amene angatiuze kuti nthano iyi jambulani, ana a ku Lusaka ndi a ku Tete aimve, koma nyimbo iyi ayi. Katswiri wa zamalamulo wochokera kutali sangadziwe malire amenewo. Chimodzimodzi ndi zithunzi za ana asukulu. Mphunzitsi amene wajambula ndiye mwini chithunzi, koma nkhope ndi ya mwana, ndipo chithunzi chotseguka chingathe kufika kulikonse. Makolo afunsidwe, ndipo afotokozeredwe bwino tanthauzo la zimene akuvomera.

WOULUTSA: Wina akumvera ali kusukulu yopanda magetsi, netiweki mpaka akwere pachulu, bandulo njodula. Akuti zonsezi n'za anthu a m'tauni.

MLENDO: Ndimuuze kuti chilolezo sichikhala mu kompyuta. Chingathe kulembedwa ndi bolopeni. Aphunzitsi athu anaphunzira TALULAR ku koleji, kupanga zipangizo zophunzitsira ndi zinthu zopezeka pamalopo, zitsekerero za mabotolo, makatoni, njere, dongo. Luso limenelo ndi lalikulu, koma limafera m'kalasi imodzi. Mphunzitsi akapuma pantchito kapena akasamutsidwa, nzeru zake zimapita naye. Tsono akalemba papepala mmene amapangira chipangizo chake, pansi pake n'kuika dzina lake, chaka, ndi mawu oti aliyense angathe kukopera ndi kusintha bola atchule mwini, n'kuwonjezera kuti CC BY 4.0, pepala limenelo lingathe kuyenda zoni yonse pa njinga ya a PEA. Mmodzi amene ali ndi foni yabwino angathe kulijambula n'kulitumiza pa WhatsApp kwa aphunzitsi a boma lina. Mu 2019 mayiko a m'bungwe la UNESCO anagwirizana mfundo zolimbikitsa zipangizo zophunzitsira zotseguka, ndipo imodzi mwa mfundozo ndi yakuti anthu aphunzitsidwe kuzipanga, kuzipeza ndi kuzisintha. Kwa ine mfundo imeneyo iyambire pa pepala la bolopeni lomwelo.

WOULUTSA: Nanga amene watenga chinthu cha mnzake, mwiniyo amutchule motani? Tipatseni chitsanzo choti omvera alembe.

MLENDO: Zinthu zinayi. Mutu wa chinthucho, dzina la mwini wake, kumene mwachipeza, ndi chilolezo chake. Mukachisintha muwonjezere chachisanu, munene chimene mwasintha. Ndiye mphunzitsi wathu wa Sitandade 2 uja, patsamba lomaliza la kabuku kake, alembe mutu wa nthanoyo m'chinenero choyambirira, dzina la wolemba ndi la wojambula zithunzi, anene kuti waitenga ku African Storybook, alembe chilolezo chimene chasonyezedwa pa nthanoyo, kenaka alembe kuti yamasuliridwa m'Chichewa ndi uje, chaka chakuti. Wojambula zithunzi asaiwalike, chifukwa ndi amene timamuiwala kawirikawiri. Ndipo ana aliwerenge tsamba limenelo pamodzi ndi nthanoyo. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akazolowera kufunsa kuti analemba ndani, anajambula ndani, sadzafufuta dzina la munthu akadzakula.

WOULUTSA: Ndisanatseke, mayi, mtima wanga watsalira pa bambo wachikulire wa nyimbo zowerengera uja. Zinatha bwanji?

MLENDO: Ndinabwererako, ndipo ulendo wachiwiriwo ndinawapempha kuti phunziro tilikonze limodzi. Anavomera. Iwo ndi amene anaumirira kuti mawu akuti ulere asamveke m'phunziro lonselo, ndipo tinawachotsa. Pa nyimbo zawo anasankha zitatu zoti aphunzitsi ena azikopera ndi kuzimasulira, dzina lawo lili pamwamba. Zotsalazo anati akuzisunga, mwina tsiku lina adzazijambulitsa n'kugulitsa. Pophunzitsa anzawo ankayamba ndi kuimba imodzi mwa zitatuzo, kenaka n'kufunsa kuti, nyimboyi ndi yanga, mukufuna kuchita nayo chiyani? Manja ankakwera chipinda chonse.

WOULUTSA: Omvera, nthawi yatithera. Sabata yamawa mayiwa abweranso, ndipo tidzatenga nthano imodzi ya chilolezo chotseguka n'kuimasulira limodzi pompano, chiganizo ndi chiganizo, mpaka tsamba la mayina. Mukonzeretu pepala ndi cholembera. Tsalani bwino.



NYIMBO YOTSEKERA